ZA M'BANJA: Mlandu wozengedwa pa mphasa ya wodwala

Ambiri a inu muli ndi ana akazi okwatiwa ku Lilongwe, ena ku Kawale, ena ku Biwi, ku Chinsapo kapena kwa Mgona. Mwezi wao ukayandikira amatuma mau kumudzi kuti amai abwere kudzawadikira, ndipo amai amanyamuka ndi ufa pamutu ndi nkhuku m'manja. Chimenechi nchokoma ndithu. Koma m'phukusi lomwelo mumabweranso malangizo a makolo, ena opindulitsa, ena opanda pake, ndi ena akupha. Nchifukwa chake ndalemba kwa inu a kumudzi za zinthu zochitika m'tauni.

Opanda pakewo sindichedwa nao. Amati wapakati asaime pakhomo, kuopa kuti mwana angadzaimenso pa njira. Wofuna kusunga zimenezo asunge, palibe amene adafa nazo. Amatinso asadye mazira, kuti mwana angabadwe wopanda tsitsi. Apa pokha pali kutaya, pakuti dzira ndi chakudya chomanga thupi, ndipo mai wosenza anthu awiri ndiye woyenera kulidya kuposa bambo wa m'nyumbamo.

Chimene chandilembetsa ndi ichi. Matenda ayamba, dzuwa lalowa, kwacha, mwana osaoneka. Pamenepo akuluakulu amayang'anana, ndi kuyamba kufunsa wodwalayo: “Ulula, mwana iwe! Unayenda ndi yani?” Amakhulupirira kuti chigololo ndicho chatseka njira, ndi kuti mwana sadzatuluka kufikira mai atatchula amuna onse. Mkazi amene ali pakati pa moyo ndi imfa adzatchula dzina liri lonse kuti amleke, ngakhale la munthu amene sanampatsepo moni. Mwana akabadwa pambuyo pake, amati: “Mwaona!” Akapanda kubadwa, amati alipo wina amene wambisa, kapena atuma munthu kukapanikiza mwamuna. Tsono onani msamphawo: chikhulupiriro chotere sichigwidwa bodza, pakuti kuli konse kumene zinthu zagwera, icho chapambana. Ndipo banja limene linali pa mtendere limatsala ndi dzina la munthu wosalakwa pakati pao.

Kodi inu oweta simunaone mbuzi kapena ng'ombe ikulephera kuswa? Ndani anaifunsa za mayendedwe ake? Munaitana wodziwa, napeza kuti mwana wagona mopingasa. Kwa anthu nchimodzimodzi. Mwana amadzera pakati pa mafupa a m'chiuno, ndipo mafupa satanuka ngati mphira. Mutu ukakula kuposa mpatawo, kapena mwana akagona mopingasa, sangatuluke ngakhale mai atchule mudzi wonse. Zimenezi zimagwera makamaka atsikana otenga pathupi mafupa ao asanakhwime, ndi akazi amene anapinimbira ndi njala ali ana. Zimagwera okhulupirika ndi osakhulupirika omwe. Chothandiza ndi opaleshoni, ndipo opaleshoni ifuna kuti munthu afike msanga.

Pochedwa pamenepo ena amathamangira mankhwala otchedwa mwanamphepo, kuti matenda afulumire. Mphamvu ali nayodi, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo. Amakankha chiberekero mwaukali, popanda woyesa muyeso wake. Tsono ngati njira njotseka, chiberekero chimang'ambika, magazi natayikira m'kati, mwana nafa, ndi mai yemwe ngati sathandizidwa msanga. Amene mwammwetsa kale, musabise pofika ku chipatala. Namwino angakudzudzuleni, inde, koma adzadziwa chochita.

Opulumuka ena amatsala ndi chilema chomvetsa chisoni. Mutu wa mwana ukakhala nthawi yaitali utapana chikhodzodzo pa fupa, magazi safika pa malopo, mnofu umafa, ndipo patapita masiku owerengeka pamabooka. Mkodzo umangotuluka usana ndi usiku. Madokotala amati fistula. Mkazi wotere wataya mwana, anzake amthawa chifukwa cha fungo, mwamuna wamsiya, ndipo pamwamba pa zonsezi anthu amati ndi mphotho ya uhule wake. Ha! nkhanza yake. Koma nthendayi imasokedwa. Ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia, madokotala awiri, Reginald ndi Catherine Hamlin, adatsegula chipatala cha nthenda imeneyi m'chaka cha 1974. Kwathu kuno malo otere adatsegulidwa mu 2012 pa chipatala cha Bwaila, chimene akale amachidziwa ndi dzina la Bottom, ndipo odwala salipira. Ngati m'mudzi mwanu muli mai wodzibisa kuseri kwa nyumba chifukwa cha vutoli, muuzeni, mumperekeze.

Kale makolo athu analibe kothawira, ndipo sindiwaseka. Anafuna chifukwa cha zimene sankazimvetsa. Ife tiribe chowiringula chotere, makamaka a m'tauni. Ku Kawale kuli chipatala chaching'ono, ku Area 25 kulinso china chokhala ndi nyumba yodikirira. A ku Chinsapo ali pakati pa chipatala cha mishoni cha Likuni ndi Bwaila, ndipo zovuta koposa zimatumizidwa ku Kamuzu Central. Kumeneku mtunda ndi waufupi. Nthawi imathera m'nyumba, pa kufunsana ndi pa kudikira mau a mwini mbumba amene ali kutali.

Zowerengera za Boma zitiphunzitsa kanthu. Kafukufuku wa 2004 adapeza kuti mwa ana 100,000 obadwa amoyo, amai 984 ankafa pa zifukwa za uchembere. Wa 2010 adapeza 675, ndipo wa 2015 mpaka 2016 adapeza 439. Pa nthawi imeneyo ana 91 mwa 100 ankabadwira ku chipatala. Zifukwa za kutsikaku nzambiri, koma kuchirira m'manja mwa ophunzira ndi chimodzi cha izo. Mu 2007 Boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adafewetsa lamulolo. Ine azamba ndi anamkungwi sindiwayesa adani. Mau ao ndi olemera kuposa anga m'nyumba ya wodwala. Akanena kuti “tiyeni,” palibe wotsutsa. Ntchito yao yaulemu lero ndiyo kunena mau amenewo msanga.

Wina adzandifunsa: nanga ngati mkaziyo anachimwadi? Akristu anzanga, tchimo liri ndi malo ake, ndiwo Sakramenti la Kulapa, kumene munthu amanena mwa ufulu wake kwa wansembe amene saloledwa kuulula kwa wina ali yense. Palibe amene adapatsa ife mphamvu ya kufinya machimo mwa munthu ndi ululu wa kubala, ndipo mau otuluka motero sali umboni ngakhale pa bwalo la mfumu.

Kwa inu azibambo nditi: pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndalama ya galimoto ikhale itasungidwa payokha, ndipo mudziwiretu amene mudzamdzutse usiku. Nenani poyera pamaso pa apongozi kuti matenda akayamba, mkazi apite osadikira inu. Musadikirenso mukaona magazi, kutupa kwa nkhope ndi manja, mutu woopsa, kukomoka, kapena nsupa itasweka matenda asanayambe. Ndipo ngati maola 12 apita mai ali kubuula mwana osabadwa, mwachedwa kale, nyamulani.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzakamba za mkaka woyamba wachikasu uja, umene ena amaufinyira pansi.