Khrisimasi yafika mvula isanagwe

Tsiku lina pakati pa mwezi wa Okutobala ndinatsika minibasi pa Mponela dzuwa likuswa mtengo, ndipo pakhomo pa sitolo ina ndinaona mtengo wa pulasitiki wobiriwira, wokulungidwa ndi timagetsi tothwanima. Pambali pake anapachika madiresi a ana, nsapato zonyezimira ndi zipewa zofiira za Father Christmas, wailesi ikuimba nyimbo za kubadwa kwa Ambuye. Kunja kunali fumbi lokhalokha, ndipo minda ya m'mbali mwa msewu wa M1 inali mizere youma yodikira mvula. Khrisimasi inali idakali kutsogolo ndi masabata khumi.

Okondedwa mwa Ambuye, mwini sitoloyo sindikumuimba mlandu. Nayenso ali ndi ana oti adye, ndipo mwina katunduyo anakaoda ku Lilongwe ndi ndalama za ngongole. Chimene ndikuona n'chakuti wamalonda amawerenga thumba la mlimi mwaluso kuposa mlimi mwini. Akudziwa kuti msika wa fodya umatsegulidwa cha mu Epulo, kuti soya ndi mtedza zimagulitsidwa m'miyezi yotsatira, ndi kuti pofika Disembala m'nyumba zambiri za ku Dowa ndi Ntchisi mumakhala mutauma. Akadikira nyengo yake yeniyeni, apeza tilibe kanthu. N'chifukwa chake Khrisimasi amaikokera m'mbuyo kuti ikumane ndi ndalama zotsiriza za zokolola.

Komatu ndalama zotsirizazo zili kale ndi mwini wake, ndiye munda. Aliyense wolima m'mapiri a ku Kongwe, ku Mvera kapena ku Nthondo akudziwa kuti nthaka yotsetsereka imene mvula yakhala ikuikokolola kwa zaka zambiri siipatsa chimanga popanda feteleza wokulitsa ndi wobereketsa. Chichokereni mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, thumba limodzi lokha lakhala nkhani yoti banja ligone osapeza tulo. Diresi logulidwa mu Okutobala limakongola tsiku limodzi kutchalitchi, koma mtengo wake weniweni umalipidwa mu Januwale posowa fizi, ndi mu Febuluwale pamene chimanga chachita chikasu, bambo akupalira munda wa eni pofuna ufa wa tsiku limodzi, wake uli m'tchire. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pali china chimene malonda ofulumirawa amatilanda, ndicho kudikira. Mpingo kuyambira kale unapatula Masabata anayi otsogolera ku Khrisimasi, otchedwa Adventi, kuti ikhale nyengo yodziyesa ndi kuyembekeza. Mu chaputala chachiwiri cha Luka tikumana ndi nkhalamba ziwiri, Simeoni ndi Anna, zimene zinadikira zaka zochuluka kufikira zinamuona Mwanayo m'Kachisi. M'chaputala chomwecho Yosefe ndi Mariya akupereka nsembe ya mbalame ziwiri, imene buku la Levitiko linaloleza kwa mayi wosakwanitsa mwana wa nkhosa. Banja limene timalikumbukira ndi mitengo yothwanima linapereka nsembe ya amphawi, ndipo silinakongole kuti lioneke ngati lopeza bwino. A Andrew Murray ndi a Vlok atakhazikitsa misoni pa Mvera kumapeto kwa Novembala 1889, m'dziko la mfumu Chiwere, Khrisimasi inawapeza mwezi usanathe, ndipo chimene anali nacho choti apatse anthu inali nkhani ya Mwanayo.

Ndivomereze kuti ife abusa ndi akulu a mpingo sitili oyera pa nkhaniyi. Nafenso timayamba msanga kulengeza zopereka za chikondwerero, makwaya n'kuyamba kusonkhetsa za yunifolomu yatsopano pa nthawi yomwe mamembala akufunafuna mbewu. Pa zaka zanga zautumiki ndaona kangapo ana amene amabwera ku Sande sukulu chaka chonse akujomba pa 25 Disembala penipeni, ndipo ukafunsa, mayi awo amayang'ana pansi n'kunena kuti anawo analibe chovala chatsopano. Manyazi amenewo sanaphunzire kusitolo kokha. Ena anawaphunzira pabwalo la tchalitchi chathu.

Ndipempha amayi a Chigwirizano ndi akulu a m'milaga kuti mawu awa alankhulidwe poyera tsopano, asanafike Disembala: mwana wovala malaya akale ochapa bwino ali ndi malo ake kutsogolo pa tsiku la Khrisimasi. Ndipo inu bambo ndi mayi, mukakhala pansi usiku uno kuwerenga zimene zatsala m'kathumba, yambani mwapatula za mbewu, za feteleza ndi za fizi ya mu Januwale. Ngati patsala kanthu, mpunga, nkhuku ndi kadiresi mudzazipeza pa Mponela sabata yomaliza, chimanga chitamera.