Mwana wa mlimi wa thonje sadziwa kugwira singano

Pasukulu ina ya pulayimale ya m'mbali mwa msewu wopita ku Chanida, aphunzitsi anauza ana kuti pofika Lachisanu aliyense abwere ndi kanthu kopanga yekha: chidole, kachikwama, katsache, kamphasa, chilichonse chimene manja a mwana angakwanitse. Lachisanu litakwana, tebulo la aphunzitsi linadzaza ndi zinthu zaukatswiri zokhazokha. Panali matsache omangidwa mwaluso ndi mphira, tinsengwa tolukidwa mosaphonya, ndi mithiko ingapo yofanana ndendende, chifukwa yonse inachokera kwa mmisiri mmodzi wa pamsika wa pa Katete Stores.

Atakumana ndi kholo lina panjira, aphunzitsiwo anafunsa kuti, "Amayi, kodi mthiko uja anasemadi ndi mwana wanu?" Mayiwo sanabise. "Aphunzitsi, ndinagula. Akanapanga yekha bwenzi anzake akumuseka, ndipo inunso mukanam'patsa mamakisi ochepa."

M'kalasi yomweyo munali kamtsikana kamene kanasoka kokha chidole cha nsanza, chamutu wopendekeka, dzanja lina lalitali lina lalifupi. Kataona za anzake, kanachibweza m'chikwama. Izi ndizo zam'pweteka mtima mlembi wa nkhani ino, ndipo aliyense amene anakulira kumudzi zim'pwetekanso, poti mwana yekhayo amene anachita zomwe anauzidwa ndiye anachita manyazi.

Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mlimi wa ku Sinda kapena ku Vubwi safuna womumasulira mwambiwu, chifukwa amadziwa kuti chimanga chikapanda kupaliridwa chikadali chanthete, feteleza wa mu Febuluwale sachiwombola. Manja a mwana n'chimodzimodzi. Mwana wozolowera kulowetsa ulusi pasingano, kumanga mfundo, kupinda waya ndi kudula nsalu motsatira mzere, podzagwira pensulo zala zake zimakhala zitakhwima kale. Amaphunziranso kuyeza, kuwerengera, kudekha, ndi kumasula chimene chalakwika n'kuyambiranso. Kholo logula mthiko pamsika lam'landa mwana wake zonsezi pa tsiku limodzi.

Si kale kwenikweni pamene mwana wa kuno ankadzipangira yekha zoseweretsa. Chimanga akamaliza kutong'ola, atsikana ankatola zitsononkho, n'kuziveka tinsanza, n'kuzibereka kumsana ulendo wa ku masanje. Anyamata a kubusa ankaumba ng'ombe zadothi m'mbali mwa dambo, linunda n'kuliumba bwinobwino, nyanga n'kuikapo zaminga. Mpira unali wa nsanza ndi mapepala, womangidwa zolimba ndi luzi. Nanga galimoto yawaya, ya mawilo a zivindikiro za mabotolo ndi chiwongolero chachitali? Iyo ndiye inatchuka mpaka kutsidya kwa nyanja. Mu 1990, Karen Lynn Williams wa ku America, amene anakhalako ku Malawi, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wofunafuna waya kuti apange yake, ndipo ana a m'maiko akutali akhala akuliwerenga m'masukulu mwawo. Kuno kwawo kwa galimotoyo, makolo akuthamangira yapulasitiki, imene mawilo ake amaguluka dzuwa lisanalowe.

Singano nayo inali ndi eni ake. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo pambuyo pake anatsegula mamishoni ena monga Madzimoyo komanso Nyanje, imene lero ili m'boma la Sinda. Kusoka ndi kuluka zinali mbali ya maphunziro a atsikana m'masukulu amishoni, ndipo lusolo linapitirira m'magulu a amayi a mumpingo: a Chigwirizano, a Mothers' Union, ndi amayi a Katolika. Mayi wopita kukachira ku St Francis, chipatala chimene chakhala chikutumikira anthu a ku Katete kuyambira 1948, ankanyamula tizisoti, timasokosi ndi matewera zotuluka m'manja mwa apongozi ake kapena azakhali. M'nyumba munali madoilo oluka pamipando ndi nsalu yapatebulo yopetedwa maluwa. Mphasa ankasoka ndi bambo wa pakhomopo: bango ankakadula kumtsinje, kuling'amba, kuliyanika, kenako kulisoka ndi singano yaitali yachitsulo ndi chingwe cha khonje. Mwana ankakhala pambali n'kumapatsira mabango limodzilimodzi, ndipo pofika msinkhu wokwatira anali atasokapo yakeyake.

Apa mlembi akulowera ku nkhani ya thonje, imene satopa nayo. Chigawo cha Kum'mawa ndi chimodzi mwa zigawo zolima thonje lambiri mu Zambia. Nthawi yokolola ikafika, mabelo amaunjikana m'midzi ndi m'mbali mwa msewu wa Great East kudikira magalimoto. Kale ankagula ndi Lintco, kampani ya boma. Mu 1994 inagulitsidwa kwa Lonrho ndi Clark Cotton, kenako kunabwera Dunavant ndi ena. Makampani otere amakongoza mlimi mbewu ndi mankhwala n'kudzadula ngongoleyo pogula thonje. Thonjelo likangochotsedwa njere, lambiri limapita kunja. Mafakitale amene ankalisandutsa nsalu anagwa. Ya ku Kafue inatsekedwa. Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, imene inamangidwa ndi thandizo la China, inaima mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira anthu ankangomva malonjezo oitsegulanso.

M'malo mwake munalowa salaula. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabelo a zovala zovalavala anasefukira mpaka kumsika wa kumudzi, moti mu 2000 katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Karen Tranberg Hansen, anatulutsa buku lathunthu lotchedwa Salaula. Palibe angakane kuti salaula yaveka amphawi. Mwana amene akanayenda chigamba pa chigamba lero ali ndi juzi yofunda mu Juni. Koma kadiresi ka mwana katatsika mtengo kuposa nsalu yoti mayi asokere, singano inayamba kuchita dzimbiri m'kachitini. Lero batani likaduka, malaya amakaponyedwa pansi pa bedi. Alipo anyamata ndi atsikana omaliza giredi 12 amene sangathe kubweza mpendero wa siketi kapena kuika chigamba pabondo la buluku. Zala zomwezo zimene zimabayidwa potola thonje m'munda wa bambo awo sizinagwirepo ulusi wochokera ku thonjelo.

Ena adzati tsobola wakale sawawa, dziko linapita patsogolo, zonse zili m'sitolo. Aiwala kuti m'sitolo mumafuna ndalama, pamene zipangizo za ntchito imeneyi zili mbwee, zaulere. M'makonde a masitolo pa Katete, pa Sinda ndi pa Vubwi muli matelala opalasa makina a Singer ndi Butterfly. Mu Januwale sagona ndi mayunifolomu, ndipo Ogasiti akayandikira sagona ndi zovala za ku mwambo wa Kulamba. Pofika madzulo, pansi pa makina aliwonse pamakhala mulu wa zidutswa za chitenje za mitundumitundu, ndipo zambiri zimangosesedwa n'kukatenthedwa pamodzi ndi zinyalala.

Zidutswa zimenezo ndi chopondera cha pakhomo chathunthu. Mayi amatenga saka lakale la chimanga, n'kulichapa, n'kulidula molingana ndi khomo, n'kupinda m'mphepete kuti lisamasuke. Zidutswa amazidula tizing'onoting'ono, totalika chala chimodzi ndi theka. Ndi kawaya kopinda kunsonga amalowetsa kadutswa pakati pa ulusi wa saka, n'kukatulutsira pafupi pomwepo, n'kumanga mfundo. Amatero mzere ndi mzere mpaka saka lonse litabisika. Mwana wa zaka 5 angathe kusankha mitundu, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha, ndipo wa zaka 8 angathe kumanga mfundo. Madzulo angapo a m'chilimwe, pamene kumunda kulibe chochita, chopondera chatha, ndipo mwana aliyense amaloza mzere umene anamanga yekha.

Chidole sichivutanso. Zidutswa ziwiri zodulidwa mofanana zimasokedwa mozungulira n'kusiya kampata, kenako zimatembenuzidwa, n'kulongedwa nsanza zochapa, kampata kaja n'kutsekedwa. Maso ndi pakamwa ndi bwino kuzipeta ndi ulusi, chifukwa mabatani ndi mikanda mwana wokwawa amazula n'kumeza. Thonje la kumunda lisalongedwemo, poti linapoperedwa mankhwala kangapo ndipo khanda limaika chilichonse m'kamwa. Pa chifukwa chomwecho, matumba ndi zigubu za mankhwala zisayandikire zoseweretsa za ana. Kuchokera pa chidole, mwana amapita ku timatumba tolongedwa nyemba tophunzirira kuwerengera ndi kuwakha, kenako ku mpira wa nsanza, kenako ku chikwama cha mabuku. Chikwama cha chitenje chokhala ndi saka m'kati chimapirira chaka chonse, pamene chogula zipi yake imafa temu isanathe. Ndipo chikhazikitsireni lamulo la mu 2018 loletsa timatumba tapulasitiki topyapyala, nyumba iliyonse ikufunika chikwama chansalu chopita nacho kumsika.

Masukulu ndiwo akanayenera kutsogola. Mu 2013 boma linalemba ntchito aphunzitsi oyamba a sukulu zamkaka, ndipo makalasi a ana aang'ono anayamba kutsegulidwa m'masukulu a pulayimale. Maphunziro aulere atayamba mu 2022, makalasi anadzaza mpaka pakhomo. Palibe boma lingagulire ana onsewo zidole za m'sitolo. Aphunzitsi amaidziwa njira ya TALULAR, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalo pomwepo, imene inatchuka kwambiri ku Malawi. Sinda ndi Vubwi, maboma amene anakhazikitsidwa mu 2012, ali ndi masukulu ambiri otalikirana ndi tauni, kumene bokosi lochokera ku Lusaka limafika mochedwa. Komabe pafupi ndi sukulu iliyonse, kwa Mfumu Pembamoyo, kwa Nyanje, kwa Kathumba, kwa Kawaza ngakhale kwa Mbang'ombe, pali ambuye odziwa kuluka mkeka, kuumba mtsuko ndi kusoka lichero. Akhala pakhonde tsiku lonse, ana akudutsa pamaso pawo m'mawa ndi masana, ndipo palibe wowaitana kuti adzaphunzitseko.

Amene akuganiza kuti m'manja mulibe ndalama akaone ku Mfuwe, m'chigawo chomwechino. Kampani ya Tribal Textiles, imene inayamba mu 1991, imajambula nsalu za thonje ndi phala la ufa wa tirigu, n'kuziyanika padzuwa, n'kuzipaka utoto ndi manja, kenako phala lija n'kulipala kuti mizere ioneke. Nsalu zapatebulo, zapabedi ndi zoveka mapilo zochokera kumeneko zimagulidwa ndi alendo odzaona nyama ku South Luangwa, ndipo zina zimatumizidwa kunja. Ojambula ndi osoka ake ndi anthu a m'midzi yozungulira. Ndalama za chitukuko cha m'madera (CDF) nazo zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja komanso lothandizira magulu a amayi. Makina osokera angagulidwe ndithu. Koma makina amakondera munthu amene anayamba ndi singano ya pamanja ali wamng'ono, wodziwa kale kuti nsalu imakokera kuti ndipo msoko wolimba umaoneka bwanji. Apanso m'mera mpoyamba.

Chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Chikhamu chake palibe wosachidziwa, ndipo amalonda amayala katundu wawo mtunda wautali. Zambiri zoyalidwa kumeneko ndi mabeseni apulasitiki, zidole za mabatire ndi salaula. Mlembi akulakalaka kudzaona pakati pa zonsezo chisakasa chimodzi cha ana a sukulu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mutapachikidwa zikwama, zopondera, zidole ndi magalimoto awaya, chilichonse chili ndi dzina la sukulu ndi zaka za mwana amene anachipanga. Mafumu amene amalimbikitsa mwambo pamalo amenewo sangakane kupereka kamalo kotero, ndipo alendo ochokera ku Lilongwe, ku Tete ndi ku Lusaka angagule ndi mtima wonse.

Poyambira pake sipafuna msonkhano wa ku Chipata. Komiti ya makolo pasukulu ikhoza kupempha matelala a pafupi kuti zidutswa azisunga m'saka m'malo mozitentha, n'kugula paketi ya singano, ulusi ndi sizasi ziwiri kapena zitatu. Ikhoza kuitana ambuye awiri a m'mudzi masana amodzi pa sabata, n'kuwathokoza ndi sopo ndi mchere monga mwa ulemu wake. Ntchito yonse izichitikira pasukulu pomwepo, pansi pa mtengo ngati m'kalasi muli mothina, aphunzitsi akuona ndi maso awo. Atsikana aphunzire kupinda waya ndi kusoka mphasa, anyamata aphunzire kuika batani ndi chigamba. Bambo amene adzaime pamsonkhano wa makolo n'kunena kuti singano ndi ya atsikana okha adzafunsidwe amene anamusokera jekete imene wavala, poti ambiri mwa matelala a m'makonde a pa Katete ndi amuna anzake, ndipo akuphunzitsa ana awo sukulu ndi ndalama za m'makina omwewo.