Mtsikana ndi Sikuludiraiva

Amayi anzanga, mlungu uno tisiye kaye za kusoka ndi kuphika, tikambe za atsikana athu amene akuphunzira za makompyuta m'masukulu a ntchito zamanja. Ena mwa inu mwakhala mukufunsa kumisonkhano kuti, "Kodi n'zoona kuti mwana wamkazi amampatsa zida kuti amange yekha kompyuta?" N'zoonadi, ndipo palibe chochititsa manyazi.

Bokosi lija muli ziwalo zowerengeka. Muli thabwa lalikulu lotchedwa motherboard, pomwe zonse zimalumikizidwa. Muli purosesa, kanthu kochepa ngati bisiketi, komwe kamachita masamu onse. Pangodya yake imodzi pali kachizindikiro ka makona atatu, ndipo kakapanda kulunjika ndi kanzake ka pathabwa, timano ting'onoting'ono timapindika, ndalama n'kulowa m'madzi. Pamwamba pake amadonthezapo mankhwala oterera ochepa ngati njere ya nsawawa, kenaka chokupizira mphepo, pakuti purosesa imatentha msanga. RAM, yosunga zimene mukuchita nthawi yomweyo, ili ndi kampata kamodzi, choncho siilowa motembenuza. Wokakamiza ndiye amathyola. Mwana amene munamphunzitsa kulowetsa ulusi pa singano ya makina osokera, dzanja lodekha lotere ali nalo kale.

Mdani wamkulu ndi moto uja umathetheka mukamavula juzi ya nayiloni mumdima. Ngakhale ndi wochepa, umapha chiwalo popanda kusiya bala. N'chifukwa chake wophunzira amazula pulagi ndi kuvala kachingwe padzanja asanakhudze m'kati.

Kwa abambo amene akuti iyi ndi ntchito ya amuna, auzeni mwaulemu izi: kompyuta yotchedwa ENIAC, imene inaonetsedwa mu 1946 ku Philadelphia m'dziko la America, inali yodzaza chipinda, ndipo amene ankailumikiza nthambo kuti iwerengere anali akazi 6.

Tsono mtsikana akapempha kutsegula kompyuta yakufa ya amalume ake, musamtumize kumtondo. Mpatseni tebulo louma, kutali ndi fumbi ndi ana akhanda, ndi kambale kosungira timisomali. Ikadzayaka, musaifunditse chitenje pofuna kuisamala, imafuna mpweya. Inu amene muli ndi ana omaliza Fomu 4, kafunseni ku ofesi ya TEVETA za nthawi yolembera malo, ndipo mupite naye mwiniwakeyo kuti akadzifunsire yekha.