NDEMANGA: GALIMOTO ZACULUKA, POIMIKA PACEPA

Walira mvula walira matope. Kwa zaka zambiri anthu a m'Zambia analakalaka kuti mwana wa mlimi nayenso adzakhale ndi galimoto yakeyake. Lero zatheka, koma matope ake aonekera mu Lusaka, mmene galimoto zaculuka kuposa malo oziimikapo.

Lusaka anakhala likulu la dziko m'caka ca 1935, ndipo amene anapima mzindawu sanaganizire za khamu la lero. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene kunali kwa Azungu, anadula mapuloti aakulu, kotero kuti galimoto zitatu zigona m'kati mwa mpanda popanda bvuto. Ku Kabwata anamangira anchito acikuda tinyumba tothithikana, poyesa kuti munthu wakuda adzayenda pansi kapena panjinga moyo wake wonse. Koma kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mumzindawu.

Zotulukapo zake nzoonekeratu. Bambo wa ku mafulati a ku Kabwata aweruka kunchito napeza pakhomo pake paima galimoto ya munthu wodzamwa mowa. Ambiri asiya galimoto zao kwa alonda, nalipira usiku uliwonse, nabwerera kunyumba wapansi mumdima. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga nyumba zambiri zasanduka maofesi, masukulu ndi malo odyera. Odzagula aimika m'mbali mwa mseu ndi pamwamba pa ngalande, ndipo ana a sukulu atsala ndi kuyenda pakati pa mseu. Milatho yodutsa pamwamba, monga wa pa Munali ndi wa pa Arcades, yathandiza galimoto kuyenda, koma galimoto iliyonse yoyenda ifuna poima.

Maiko ena anapeza njira. Ku London, m'misewu yambiri ya nyumba zokhalamo, eni mudzi agula ciphaso ku khonsolo, ndipo wopanda ciphaso saloledwa kuimika pa maola oikika. Ku Japan, kumene kucokera galimoto zambiri zolowera pa Nakonde, kuli lamulo la 1962 lakuti wogula galimoto ayambe waonetsa pamene idzagona.

Nkoyenera kuti Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka, imene ilipiritsa kale oimika mu Cairo Road, Cha Cha Cha ndi Freedom Way, iyese njira ya ziphaso m'misewu yopanikizika. Koma isaiwale zinthu zitatu. Coyamba, mtengo ukhale wocepa, wolipira alandire lisiti, ndipo ndalamazo zioneke pa ngalande ndi nyali za m'misewu, osati m'matumba mwa anyamata odziika okha kukhala eni mseu. Caciwiri, wosandutsa nyumba kukhala malo a malonda akakamizidwe kukonza poimika m'kati mwa mpanda wake.

Cacitatu cikhudza anthu a kumudzi. Mlimi wa ku Petauke, Katete kapena Chipata akatsitsa nshawa zake pa msika wa Soweto, amakagona kwa mbale wake ku Chelstone, m'mbali mwa mseu waukulu wa Kum'mawa. Ena abwera ndi wodwala ku cipatala cacikulu ca UTH, ena adzalira maliro. Kodi lole yonyamula olira idzamangidwe unyolo ku gudumu cifukwa ilibe ciphaso? Zimenezo zikakhala zamanyazi. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Nyumba iliyonse ipatsidwe ciphaso ca alendo caulere, ndipo pakhomo pa maliro pasafunsidwe pepala.

Makhansala asakhale okha m'cipinda polemba lamuloli. Apite ku Kabwata ndi ku Chelstone, akamve eni galimoto, amayi ogulitsa m'mbali mwa mseu ndi makolo a ana oyenda pansi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Lusaka ndi mudzi wa Azambia onse, a m'tauni ndi a kumudzi omwe.