Mantha a Make Mbewa Satsala ndi Iye Yekha

M'midzi ya kwa Khwethemule ndi m'mphepete mwa minda ya tiyi ya ku Thyolo, chimanga chalowa m'nkhokwe, ndipo anyamata atuluka ndi makasu kukakumba mbewa m'mapesi. Popeza minda yathu ili yaing'ono, yopanikizika pakati pa tiyi ndi mapiri, dengu limodzi lodyedwa ndi mbewa ndilo masiku a njala pa banja. Chifukwa chake mwezi uno tifuna kukamba za kanyama kameneka, makamaka za mantha ake, pakuti mantha amenewo ndiwo mlonda wosalipidwa wa nkhokwe zathu.

Mbewa tizidziwa ndi maina ao: kapuku, mende, phanya, kapeta ndi zina. Brian Morris, Mngelezi amene adafika kuno m'chaka cha 1958 nagwira ntchito ya tiyi ku Zoa, adasonkhanitsa maina otere kwa makolo athu, nalemba za nyama za dziko lino m'buku lake la 1998, The Power of Animals. Mwa zonsezi woononga koposa ndiye kapuku, pakuti bere lake likhala masabata atatu ndi masiku owerengeka okha, ndipo aswa ana khumi kapena kuposa pa nthawi imodzi. Chimene chimletsa kudzaza dziko ndicho adani ake: kadzidzi usiku, kabawi usana, njoka ku una, likongwe m'thengo ndi mphaka pakhomo.

Ambiri ayesa kuti adani amenewa achepetsa mbewa pakuzidya pokha. Koma anthu ophunzira a maiko akutali, amene aweta mbewa m'nyumba kuti aziyese, adapeza chinthu china chozizwitsa: mbewa yopulumuka kwa mdani isenza mantha, ndipo mantha amenewo afikira ana ake.

M'chaka cha 2015, Sophie St-Cyr ndi Patrick McGowan a ku sukulu yaikulu ya Toronto, m'dziko la Canada, adalengeza zimene adaona atanunkhitsa mbewa za bere fungo la zilombo zodya mbewa, pa theka lachiwiri la bere. Chilombo chenicheni panalibe, fungo lokha. Koma ana obadwa mwa mbewa zimenezo, atakula, adalewa fungo la mdani koposa anzao obadwa mwa amao okhala pa mtendere. Pakuti nyama ikachita mantha, thupi lake lituluitsa m'mwazi mankhwala ake a chibadwidwe ochenjeza ziwalo zonse, ndipo mwana ali m'mimba alandirako gawo lake. Kotero abadwa wokonzekeratu dziko la zoopsa limene sadalione. Makolo athu adanena zoona kuti make mbuu, mwana mbuu.

Ndipo si amai okha ai. Kumapeto kwa 2013, Brian Dias ndi Kerry Ressler a ku Emory, mu mzinda wa Atlanta ku America, adaonetsa kuti mbewa zamphongo zophunzitsidwa kuopa fungo lina lake zidabala ana ndi adzukulu omva fungo lomwelo msanga ndi kudzidzimuka nalo, ngakhale anawo sadaonane konse ndi atate ao.

Tsono tisayese kuti zonse zithera pa kubadwa, pakuti kaleredwe kali nayo mphamvu yake. Ku Montreal, Michael Meaney ndi anzake adaona kuti makoswe ena anyambita ana ao kawirikawiri, ena pang'ono pokha, ndipo ana onyambitidwa kwambiri akula ofatsa mtima ndi osachita mantha msanga. M'chaka cha 1999 adalengeza kuti atasinthanitsa ana ongobadwa kumene, mwana aliyense adatsata khalidwe la make womlera, osati la womubala. Chomwecho mantha alowa mwa mwana pa njira ziwiri, ya mwazi ndi ya m'chisa.

Mwina mufunsa kuti, nanga zimenezi zipindulanji kwa ife olima? Taonani: mbewa yamantha siyenda patali, sikhalitsa pa chakudya, ndipo siifuna kudutsa pa mtetete. Kadzidzi akagwira imodzi, zotsala zonse zitaya nthawi ya kudya pakubisala. Izi zidaoneka m'midzi yonga yathu yomwe. M'chaka cha 2017, Themb'alilahlwa Mahlaba ndi anzake adalengeza zimene adapeza pa makomo 40 a ku Swaziland, dziko limene lero litchedwa Eswatini. Pa makomo okhala ndi amphaka pamodzi ndi agalu, makoswe ndi mbewa adayenda pang'ono ndi kusiya chakudya chambiri osachidya; koma pokhala mphaka yekha, kapena galu yekha, kusiyana kwake kunali kochepa. Adani awiri osaka mosiyana ndiwo adasowetsa mbewa pothawira.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu zinai. Choyamba, musaponye miyala kadzidzi, ngakhale kulira kwake pa denga kuopsa mitima ya ambiri. Iye wadzera mbewa, sadadzere munthu. Chachiwiri, siyani mitengo ina yaitali m'mphepete mwa munda, kuti mbalame zosaka zipeze potera ndi poyang'anira pansi. Chachitatu, lambulani udzu ndi zinyalala kuzinga nkhokwe, kuti mbewa yofuna chimanga iyambe yadutsa pa bwalo loyera pamene iopa. Ndipo ngati mukhoza, wetani mphaka ndi galu pamodzi, ndi kuwadyetsa monga antchito anu. Chachinai, chenjerani nao mankhwala a chiphe. Mbewa yodya chiphe iyenda mofooka, ndipo mphaka kapena kadzidzi woigwira angathe kufa nayo. Ndiponso kuno kumene mbewa zili ndiwo, chiphe chimenecho chingathe kufika m'mbale ya mwana wanu. Mukapha alonda, mbewa zotsala ziswana pa mtendere, ndipo ana ao adzakula osadziwa kuopa khomo lanu.

Mantha okha sadzatha mbewa zonse. Msampha, khasu ndi nkhokwe yomangidwa bwino zili nayo ntchito yao. Koma wanzeru sathamangitsa womthandiza.