Maria Mutola anayamba ndi mpira

Maria Mutola anabadwira ku Maputo m'caka ca 1972. Ali mwana ankakonda mpira wa miyendo. Ankasewera pamodzi ndi anyamata.

Tsiku lina a José Craveirinha, mlembi wa ndakatulo, anamuona akusewera. Iwo anaona kuti mtsikanayu ali ndi liwiro. Anapita naye kwa mwana wawo Stélio, amene ankaphunzitsa anthu kuthamanga.

Poyamba zinali zovuta. Maria ankatopa kwambiri ndipo anafuna kusiya. Cifukwa ciyani? Pa mpira munthu amathamanga, amaima, amapumako, kenaka amathamanganso. Pa mpikisano wa mamita 800 palibe kuima. Wothamanga amazungulira bwalo kawiri. Akayamba ndi liwiro lonse, mphamvu zimamuthera panjira.

Mpira unamupatsa Maria miyendo yolimba. Koma iye anayenera kuphunzira cinthu cina: kusunga mphamvu mpaka kumapeto. Zimenezi siziphunzirika tsiku limodzi.

M'caka ca 1988 Maria anapita ku masewera a Olimpiki ku Seoul. Anali ndi zaka 15. Sanapambane, koma sanasiye. M'caka ca 1993 anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Stuttgart. M'caka ca 2000 anapata mendulo ya golide ku Sydney. Inali golide yoyamba ya dziko la Moçambique pa Olimpiki.

Makolo ena amaletsa atsikana kusewera mpira. Iwo amati ndi masewera a anyamata. Uku n'kulakwa. Maria akadaletsedwa, ndani akadaona liwiro lake?

Anthu enanso amaseka mwana amene watopa pothamanga. Amati ndi waulesi. Ukunso n'kulakwa. Ngakhale katswiri wa mpira amatopa akayamba kuthamanga mtunda wautali. Thupi limazolowera pang'onopang'ono.

Mwana ayambe ndi mtunda waufupi. Akatopa ayende, apume, amwe madzi. Akazolowera awonjezere pang'ono. Makolo ndi aphunzitsi amulimbikitse, asamukalipire.

Si mwana aliyense adzapata golide. Koma mwana aliyense, mtsikana kapena mnyamata, apatsidwe nthawi yosewera akaweruka ku sukulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.