ZA MAULENDO: Kukalawa Vinyo ku Minda ya Mphesa ya ku Cape Mosaononga Cuma

Mabanja ena a m'midzi ya m'Zambia muno ali ndi ana kapena abale amene agwira nchito mumzinda wa Cape Town, m'dziko la South Africa. Nthawi ikakwana yakuti makolo akaone kumene ana ao akhala, mlendo amauzidwa kuti asabwerere asanapondeko m'minda ya mphesa yozungulira mzindawo, kumene alimi amapanga vinyo nalola alendo kulawa. Ambiri amagwa mphwayi poganiza kuti malo otere ndi a anthu olemera okha. Koma kawirikawiri mtengo wolawira vinyo ndi wocepa poyerekeza ndi zina zonse za paulendo. Zimene zimatha ndalama ndizo mayendedwe, malo ogona ndi cakudya, ndipo zitatuzi munthu angathe kuzilinganiza ali pakhomo pake, asanakwere basi.

Ulimi wa mphesa ku Cape ndi wakale ndithu. Vinyo woyamba anapangidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Bwanamkubwa Simon van der Stel anakhazikitsa tauni ya Stellenbosch mu 1679, ndipo mu 1685 anatsegula munda wa Constantia. Mu 1688 kunafika anthu othawa kwao ku France cifukwa ca cipembedzo, nakhala m'cigwa cimene lero cichedwa Franschhoek. Mu 1971 alimi atatu a ku Stellenbosch, a Frans Malan, a Niel Joubert ndi a Spatz Sperling, anagwirizana zotsegula mafamu ao kuti alendo azilawa ndi kugula vinyo pafamu pomwepo. Njira ya alendo imene iwo anayamba ndiyo yoyamba ya mtundu umenewu m'dzikomo, ndipo zigwa zina zinatengerapo citsanzo.

Nyengo yoyenera

Cinthu coyamba kuganizira ndi mwezi wonyamukira. Ku Cape mvula imagwa m'nyengo yacisanu, makamaka kuyambira Juni kufikira Ogasiti, pamene kuno kuli kouma. Mphesa zimakololedwa kuyambira ca kumapeto kwa Januwale kufikira Marichi kapena Epulo. Miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale alendo amaculuka kwambiri, ndipo eni nyumba zogona amakweza mitengo. Imeneyi ndiyonso miyezi imene mlimi wa kuno afunika m'munda mwake kupalira ndi kuthira feteleza.

M'miyezi yacisanu alendo amacepa, ndipo nyumba zambiri zogona zimatsitsa mitengo. Nthawiyo mlimi wa cimanga kapena nshawa amakhala atakolola, ndipo ena atagulitsa kale. Cobvuta cake n'cakuti kumazizira ndi kubvumbwa, ndipo mipesa imakhala yopanda masamba. Wopita nthawi imeneyi atenge jekete lolimba ndi ambulera. Sadzaona mphesa pamtengo, koma adzaona m'mene anchito amadulira mipesa, ndipo olandira alendo adzakhala ndi mpata wocezera naye mosafulumira.

Mayendedwe

Mabasi ocokera ku Lusaka kupita ku Johannesburg amadzera ku Chirundu ndi Beitbridge, ndipo ena amadzera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021. Kucokera ku Johannesburg kukafika ku Cape Town pali makilomita pafupifupi 1,400. Mtunda wotere suyenera kuyendedwa cifukwa ca vinyo yekha ai. Ulendo wa ku minda ukhale wa tsiku limodzi kapena awiri mkati mwa ulendo wocezera abale. Pasipoti ikhale yosatha masiku, ndipo makwaca asinthidwe kukhala marandi ku banki kapena ku malo obvomerezeka, osati kwa anyamata oimirira pa malire.

Stellenbosch ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kucokera ku Cape Town, Paarl pafupifupi 60, ndipo Franschhoek pafupifupi 75. Munthu wocepekedwa ndalama asankhe cigwa cimodzi cokha, pakuti kulumphalumpha kumatha mafuta ndi nthawi. Wocepekedwa koposa apite ku Groot Constantia, munda wakale uja umene uli m'dera la mzinda wa Cape Town lomwelo, ndipo sadzafunika kulipira pogona pena.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Anthu anai kapena asanu akasonkherana kulipira galimoto imodzi, aliyense amalipira gawo locepa. Koma pakati pao pakhale mmodzi woyendetsa amene sadzalawa ngakhale dontho. Lamulo la ku South Africa limaletsa kuyendetsa galimoto munthu akakhala ndi mowa wokwana magalamu 0.05 m'mamililita 100 a magazi ake. Wogwidwa amamangidwa ndi kukaonekera ku khoti, ndipo zonse zimene anasunga zingathere pomwepo, osanenanso za ngozi ya pamseu. Ku Franschhoek kuli kasitima ndi mabasi a alendo ochedwa Wine Tram, amene anayamba mu 2012. Munthu amagula tikiti imodzi ya tsiku lonse natsika pa mafamu a panjirayo, koma ndalama yolawira amalipira payokha pafamu iriyonse.

Kulawa kwake

Pafamu mlendo amalipira ndalama yoikika napatsidwa mitundu ingapo ya vinyo, kawirikawiri inai kufikira isanu ndi umodzi, pang'ono pang'ono m'tambula. Mitengo imasiyana kwambiri. Mafamu ochuka a nyumba zikuluzikulu amadula, pamene mafamu ang'ono a mabanja amachipa, ndipo ena salipiritsa kulawa ngati mlendo wagula botolo. Safunsa anadya phula. Mwana wokhala kumeneko aimbe foni tsiku lisanafike, afunse mtengo, nthawi yotsegulira, ndiponso ngati amatsegula pa Sondo. Masiku a pakati pa sabata ndiwo abwino cifukwa anthu sapanikizana. Ana osakwana zaka 18 saloledwa kulawa.

Wozolowera mowa wa masese acenjere. Vinyo wambiri ali ndi mphamvu ya magawo 12 kufikira 14 pa 100 alionse, pamene mowa wa m'mabotolo uli ndi magawo pafupifupi 5. Ngati munthu ayendera mafamu atatu, nalawa mitundu isanu pafamu iriyonse, ndipo kulawa kulikonse kuli mamililita 30, pamodzi wamwa mamililita 450. Kumeneku n'kupitirira theka la botolo la mamililita 750. Cifukwa cake patebulo pamakhala kacitini kolabvulira, ndipo kulabvula si mwano ai, ndiwo mwambo wa akatswiri. Mafamu awiri kapena atatu pa tsiku ndi okwanira, ndipo anthu awiri angathe kupempha kugawana kulawa kumodzi.

Mitundu iwiri yoyenera kuifunsa ndiyo Chenin Blanc, vinyo woyera wa mphesa zimene zimalimidwa koposa zina zonse m'dzikomo, ndi Pinotage, vinyo wofiira wa mbeu imene Abraham Perold wa ku Stellenbosch anaipeza mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa.

Cakudya ndi zogula

Malo odyera a pamafamu ndi odula, ndipo kumeneko n'cizolowezi kuonjezera gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wa cakudya monga mphatso ya woperekera. Wanzeru amadya mokhuta m'mawa asananyamuke, natenga buledi, nkhuku yophika, zipatso ndi madzi. Mafamu ambiri salola cakudya cocokera kunja, cotero kamba adyedwe m'tauni kapena panjira. Kuyenda pansi mumseu wakale wa Dorp Street ku Stellenbosch, pakati pa nyumba zoyera ndi mitengo ikuluikulu, sikulipiritsa kanthu.

Ciyeso cacikulu cimafika pa nthawi yogula. Mutu ukayamba kupepuka dzanja limafulumira kulowa m'thumba. Cotero banja ligwirizane m'mawa za ciwerengero ca mabotolo ogula, ndipo ndalama ya basi yobwerera isiyidwe kunyumba ya mwana. Mabotolo ambiri ndi katundu wolemera wosacedwa kusweka, ndiponso a kasitomu pa malire amalipiritsa msonkho pa mowa wopitirira muyeso wololedwa.

Anchito a m'minda

Mlendo wocokera ku mudzi wa alimi adzafuna kudziwanso za manja amene amalima mindayo. Minda yoyamba inalimidwa ndi akapolo, kufikira ukapolo unathetsedwa ku Cape mu 1834. Pambuyo pake alimi ambiri anali kulipira anchito gawo la malipiro ao ndi vinyo, macitidwe ochedwa dop. Lamulo linaletsa zimenezi mu 1960, koma m'mafamu ena zinapitirira kufikira zaka za m'ma 1990, ndipo zinasiya ucidakwa ndi ana obadwa olumala cifukwa ca mowa umene amai ao anamwa ali ndi pakati. Mu 2012 anchito a m'minda ya zipatso ndi mphesa ananyanyala nchito, ndipo mu 2013 malipiro ocepetsetsa a tsiku anakwera kucokera pa marandi 69 kufika pa 105. Lero alipo mafamu amene anchito ali ndi gawo la umwini, ndi ena oyendetsedwa ndi anthu akuda. Mlendo angathe kufunsa za mafamu otere ndi kusiya ndalama yake yocepayo kumeneko.

Banja lofuna ulendowu caka camawa liyambe tsopano kulemba papepala mtengo wa basi, wa pasipoti, wa cakudya ca panjira ndi wa tsiku la ku minda, ndi kuonjezerapo kangacepe ka zogwa mwadzidzidzi. Ndalama ya mbeu, ya feteleza ndi ya sukulu ya ana ipatulidwe poyamba, ndipo ulendo ulipiridwe ndi zotsala zokha.